Mukakaoda ku Kariakoo, olokani mukaone Zanzibar

Sabata iliyonse amalonda a mu Limbe, mu Blantyre, ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chirimba amakwera basi kulowera kumpoto, kudutsa pa chipata cha Songwe, kupyola Kyela ndi Mbeya, mpaka ku Dar es Salaam. Akafika amalunjika ku Kariakoo, kuoda zitenje, nsapato, zikwama ndi ziwiya, kumangitsa katundu n'kutembenuka. Nyanja yamchere amangoionera patali. Komatu kutsidya kwa madzi amenewo, ulendo wa maola ngati awiri pa sitima yothamanga, kuli chilumba cha Zanzibar ndi mzinda wake wakale wotchedwa Stone Town, umene eni ake amati Mji Mkongwe. Mzindawu unamangidwa ndi ndalama za zokometsera zakudya, minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo ena mwa akapolowo anali anthu a kwathu kuno.

Wamalonda aliyense afunsa kuti: ndikadyerenji mpamba pokaona nyumba zakale? Funso ndi lomveka. Yankho lake n'lakuti mzinda umenewu wakhala ukugulitsa zinthu zopepuka pa mtengo wolemera kwa zaka zoposa 200. Amene amagulitsa tsabola, kale, jinja ndi adyo pa benchi, kapena amene ali ndi chiwaya ndi lesitilanti, akhoza kubwerako ndi nzeru zimene zingabweze ndalama ya tikiti. Chofunika n'kupitako ndi maso a wamalonda.

Musanakwere sitima

Yambani ndi masamu. Zanzibar ndi mbali ya dziko la Tanzania kuchokera mu Epulo 1964, koma ili ndi boma lakelake, ndipo pa doko amafuna kuona pasipoti ngakhale mwachokera ku Dar es Salaam komweko. Mmalawi safunika viza, koma pa tikiti ya sitima mlendo amalipira zambiri kuposa nzika. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linalamulanso kuti alendo ochokera kunja azigula inshuwalansi yake asanalowe, ndipo mtengo umene unalengezedwa nthawi imeneyo unali madola 44. Funsani mtengo wa lero musanagule tikiti. Onjezanipo malo ogona ndi chakudya. Ngati ndalama zonsezi zikudula pakati mpamba wanu, dikirani ulendo wina. Ngati mumapita ku Dar kawirikawiri, patulani pang'ono ulendo uliwonse mpaka zikwane.

Tikiti gulani mu ofesi ya kampani ya sitima. Madobadoba a pa doko, amene kumeneko amawatcha mapapasi, kutanthauza nkhupakupa, adzakuzungulirani ndi mawu okoma. Akaneni mwaulemu n'kumapita. Ndalama sinthani ku banki kapena kumalo ovomerezeka, ndipo lisiti musataye. Anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu: valani zofika m'mawondo ndi zobisa mapewa, ndipo m'mwezi wa Ramadan musadyere pamsewu masana. Katundu wa ku Kariakoo musiyeni ku Dar pamalo odalirika, chifukwa misewu ya mu Stone Town ndi yopapatiza moti galimoto silowa m'malo ambiri.

Mzinda womangidwa ndi mphepo

Mukatsika sitima n'kuyenda m'mbali mwa nyanja, nyumba zikuluzikulu zimayamba kuoneka. Pali Beit al-Ajaib, Nyumba ya Zodabwitsa, imene Sultan Barghash anamanga mu 1883. Inali nyumba yoyamba pachilumbachi kukhala ndi magetsi ndi chikepe. Mbali ina ya nyumbayi inagwa mu Disembala 2020. Pafupi nayo pali linga lakale, Ngome Kongwe, limene Aluya a ku Oman anamanga cha m'ma 1700 atathamangitsa Apwitikizi. Lero m'kati mwa lingali muli timashopu ta ziboliboli ndi zojambula.

Kumbuyo kwa nyumbazi n'kumene kuli mzinda weniweni: tinjira tokhotakhota, nyumba zosanja za miyala ya m'nyanja yomata ndi laimu, ndi zitseko zamatabwa zosemedwa mwaluso, zina zokhomedwa misomali ikuluikulu ya mkuwa. Chitseko chinali chikwangwani cha mwini nyumba. Wodutsa ankadziwa pa chitseko kuti muno mukukhala Mwarabu kapena Mmwenye, ndiponso kuti chuma chake n'chotani. Nyumba zambiri za Amwenye zinali ndi shopu pansi, banja pamwamba, mofanana ndi nyumba zakale za amalonda a mu Limbe. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Chimene chinasonkhanitsa mitundu yonseyi ndi mphepo. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi kumaomba mphepo ya kaskazi, imene inkakankha ngalawa kuchokera ku Arabia ndi ku India kudza ku Zanzibar. Kuyambira cha mu Epulo kumaomba ya kusi, imene inkazibweza kwawo. Wamalonda akafika ankayenera kudikira miyezi kuti mphepo itembenuke. Podikirapo ankamanga nyumba, kukwatira ndi kutsegula shopu.

Karafuu ndi thukuta la makolo athu

Mbewu imene inalemeretsa Zanzibar ndi ma clove, amene pa Chiswahili amati karafuu. Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi ku zilumba za Maluku ku Indonesia. Unafika ku Zanzibar cha m'ma 1818, ndipo Seyyid Said, mfumu ya ku Oman imene inasamutsira likulu lake ku Zanzibar mu 1840, anakakamiza eni minda kuubzala. Posakhalitsa zilumba za Unguja ndi Pemba zinkatulutsa gawo lalikulu la karafuu yense wogulitsidwa padziko lapansi.

Karafuu ndi maluwa amene sanamasule. Amathyoledwa ndi manja, munthu atakwera mumtengo, kenako amayanikidwa pamphasa masiku angapo mpaka ade. Ntchitoyi imafuna manja ambiri pa nthawi imodzi, ndipo manjawo anali a akapolo. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Anthu ogwidwa m'midzi ankaolotsedwa nyanja ya Malawi pa ngalawa, kuyenda wapansi miyezi ingapo atasenza minyanga mpaka ku Kilwa, kenako kukwezedwa kupita ku msika wa ku Zanzibar. Ambiri ankafera m'njira. Ku Karonga Mlozi anapitiriza malonda omwewa mpaka 1895.

Malo a msika wa akapolowo ali ku Mkunazini, ndipo Mmalawi asachoke mumzindamu asanafikepo. Msikawu unatsekedwa mu Juni 1873, Sultan Barghash atapanikizidwa ndi Angerezi kudzera mwa John Kirk, yemwe uja anayenda ndi David Livingstone mu mtsinje wa Shire, amenenso mapiri a Kirk Range amatchulidwa dzina lake. Pamalopo anamangapo tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene ntchito yake inayamba pa Khirisimasi ya 1873 motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere. Pabwalo pali ziboliboli za anthu oimikidwa m'dzenje, maunyolo ali m'khosi. M'kati mwa tchalitchi muli mtanda wopangidwa ndi thabwa la mtengo umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa Livingstone kwa Chitambo ku Zambia.

Nkhaniyi imafika mpaka pakhomo pathu. Mu Julayi 1861, pamudzi wa Mbame, panjira yochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84. Amishoni a UMCA anayamba ntchito ku Magomero chaka chomwecho, zinthu zitavuta anasamukira ku Zanzibar mu 1864, ndipo anadzabwereranso kunyanja yathu n'kukhazikika pa Likoma mu 1885. James Chuma, mnyamata wa Chiyao amene anamasulidwa kuno mu 1861, ndi mmodzi mwa amene ananyamula mtembo wa Livingstone mpaka kugombe. Iyeyu anamwalirira ku Zanzibar mu 1882. Mukamanunkhiza karafuu pamsika, dziwani kuti minda yoyamba inalimidwa ndi anthu olankhula Chiyao, Chinyanja ndi zilankhulo zina za kumtunda kuno.

Palinso phunziro la malonda m'mbiri ya mbewuyi. Mu 1872 mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo yambiri ya karafuu pa Unguja, ndipo kuyambira pamenepo Pemba ndiyo imatulutsa wambiri. M'kupita kwa zaka maiko ena anadzala yawo. Lero Indonesia ndiyo imalima wochuluka, ndipo Madagascar imatumiza wambiri kunja. Zanzibar inatsala ikudalira alendo odzaona malo. Ife amene timaona mmene tauni ya Limbe imachangamukira fodya akatsegulidwa ku okushoni ndi mmene imazizirira akatsekedwa, tikudziwa tanthauzo la kudalira chinthu chimodzi. Pa benchi n'chimodzimodzi: wogulitsa tomato yekha amalira mwezi umene tomato wasefukira.

Darajani: kumene wamalonda ayenera kuchedwa

Msika waukulu wa mzindawu ndi Darajani, umene unamangidwa mu 1904. Pitaniko m'mawa. Mbali ina kuli nsomba ndi nyama, mbali ina zipatso, ndipo mizere ina ndi ya zokometsera zokhazokha. Mayina ake ndi awa: karafuu tamutchula kale, mdalasini ndi sinamoni, iliki ndi cardamom, pilipili manga ndi tsabola wakuda, kungumanga ndi nutmeg, tangawizi ndi jinja, manjano ndi chikasu chothira mu ndiwo, mchaichai ndi udzu wa mandimu wothira mu tiyi. Pofunsa mtengo mumati "Bei gani?" Ponenerera mumati "Punguza bei." Moni uyambe, malonda pambuyo. Wolankhulako Chiswahili pang'ono amauzidwa mtengo wosiyana ndi wa mzungu.

Tsiku loyamba musagule msanga. Zungulirani mabenchi asanu kapena asanu ndi limodzi, funsani mtengo wa kilogalamu, lembani m'kabuku. Timapaketi tokongola ta alendo tili ndi mtengo wake. Pa sikelo pali mtengo wina. Si zonse za pamsikawu zolimidwa pachilumbachi, zina zimachokera kunja, choncho yerekezani ndi mitengo ya ku Kariakoo ndi ya m'mashopu a Amwenye mu Limbe. Mukhoza kupeza kuti zina n'zotsika mtengo kwanu komwe.

Katundu wabwino amadziwika ndi mphuno, chala ndi kapu ya madzi. Karafuu wabwino amakhala wofiirira, mutu wake uli pomwepo, ndipo mukamutsina ndi chikhadabo amatulutsa timafuta. Mukamuika m'madzi amamira kapena kuyandama choimirira. Amene anachotsedwa kale mafuta amayandama chogona. Tsabola wakuda ena amamusakaniza ndi njere zouma za papaya. Thirani pang'ono m'madzi, wabwino amamira, zopepuka zimayandama. Sinamoni weniweni khungwa lake ndi lopyapyala, lopindana kangapo ngati ndudu, ndipo limafumbutuka ndi zala. Lokhuthala ndi lolimba ndi mtundu wina wotsika mtengo. Iliki akhale wobiriwira, makoko osang'ambika. Kungumanga akhale wolemera m'manja, wopanda timabowo ta tizilombo. Mukaona safironi wotsika mtengo, mulekeni, chifukwa weniweni ndi wodula kwambiri padziko lonse.

Lamulo lalikulu n'lakuti gulani zosapera. Ufa ndi wosavuta kusakaniza ndi zina, ndiponso umatha mphamvu msanga. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa, ndipo pa malonda awa mawuwo ndi oona ndithu: zoperapera zimayamba kuzilala pakatha miyezi ingapo, pamene zathunthu zimasunga fungo chaka n'kupitirira ngati zili m'chotengera chotseka bwino, pouma ndi popanda dzuwa. Mudzapera nokha kunyumba, pang'onopang'ono, molingana ndi mmene zikuyendera.

Kuminda ndi ku Forodhani

Ngati muli ndi tsiku lachiwiri, kwerani dala-dala kupita kuminda ya ku Kizimbani kapena ku Kidichi, kunja kwa mzinda. Kumeneko alimi anapeza njira ina yopezera ndalama pa mbewu zomwezo. Mlendo amalipira kuti ayendetsedwe m'munda. Wotsogolera amathyola tsamba, kulifikisa, kumupatsa mlendo kuti anunkhize ndi kulota dzina lake. Amakanda khungwa la sinamoni, kukumba jinja, kung'amba chipatso cha kungumanga. Pomaliza pamakhala tebulo la timapaketi, ndipo munthu amene wanunkhiza ndi kulawa sachoka chimanjamanja. Mlimiyo wadya kawiri: pa kuonetsa ndi pa kugulitsa. Pa benchi panu mukhoza kuchita zofanana. Siyani kabotolo kamodzi kotsegula kuti kasitomala anunkhize, ndipo muuzeni chakudya chimene chimayenda ndi chokometseracho.

Madzulo pitani ku Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja moyang'anizana ndi linga lija. Dzuwa likamalowa ogulitsa zakudya amayala matebulo, kuyatsa nyale, ndipo ambiri amavala zoyera ndi zipewa za ophika. Pali mishkaki, imene ndi kanyenya wotungidwa pakamtengo; pali urojo, msuzi wowawasa wothiramo mbatata ndi zokazinga; pali madzi a nzimbe ofinyidwa pamaso panu pamodzi ndi jinja ndi ndimu. Funsani mtengo musanadye, ndipo sankhani chimene chikuotchedwa mukuona. A chiwaya ndi a kanyenya aonetsetse zinthu zitatu: kuwala kwa nyale, ukhondo wa wogulitsa, ndi kayalidwe ka chakudya. Nzimbe, jinja ndi mandimu zilipo zambiri m'misika ya mu Blantyre, koma ndi angati akugulitsa madzi ake m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala?

Kuoloka nazo pa Songwe

Apa m'pamene ambiri amapsa. Karafuu ku Zanzibar ali ndi lamulo lake. Alimi amagulitsa ku bungwe la boma la Zanzibar State Trading Corporation, monga mmene ADMARC inkagulira mbewu kale kuno, ndipo kutulutsa matumba a karafuu popanda chilolezo ndi mlandu wozembetsa katundu. Timapaketi togula m'shopu si vuto, koma munthu wokunong'onezani kuti ali ndi thumba lotchipa kuseri akukuitanirani ku polisi. Pitani ngati ogula okha. Mu Julayi 2025 boma la Tanzania linaletsa anthu akunja kuchita malonda ena ang'onoang'ono m'dzikomo, choncho musayale katundu wanu kumeneko.

Kumbali ya kwathu, zokometsera ndi zomera komanso ndi chakudya. Musananyamuke kafunseni ku MRA ku Msonkho House za msonkho wake, ku Bvumbwe Research Station za chilolezo cholowetsera zomera, ndi ku Malawi Bureau of Standards ngati mukufuna kumalongedza ndi kuika m'mashopu. Malamulo a pachipata amasintha. Mu Malichi 2025 boma la Malawi linaletsa kulowetsa katundu wina wa kunja, ndipo mu Epulo dziko la Tanzania linabwezera potseka njira ya zokolola za kuno, likudandaula kuti ufa, mpunga, nthochi ndi jinja wake akukanizidwa. Maiko awiriwa anakambirana n'kugwirizana, koma amalonda amene katundu wawo anaima pachipata masiku amenewo anataya ndalama. Safunsa anadya phula. Sungani malisiti onse, ndipo lengezani katundu yense.

Masamu a kapaketi

Ubwino wa zokometsera ndi kupepuka. Makilogalamu asanu amakwana m'chikwama cha m'manja, osafuna ngolo kapena wonyamula. Kilogalamu imodzi ili ndi magalamu 1,000, ndiye kuti timapaketi 100 ta magalamu 10, kapena 50 ta magalamu 20. Koma musawerengere 100 yense: pali zinyalala zopeta, zotayika popera, ndi basela. Werengerani 90. Tengani mtengo wogulira, onjezani gawo la thiransipoti, msonkho, mapaketi ndi zolembapo, gawani ndi 90, ndipo mwapeza mtengo umene simuyenera kutsika pansi pake. Gulani kasikelo kakang'ono ka magalamu. Kuyeza ndi supuni kumadya phindu mwakachetechete. Mapulasitiki opyapyala ndi oletsedwa m'dziko muno, choncho gwiritsani ntchito okhuthala kapena timabotolo totsukidwa bwino. Pa paketi lembani dzina la chokometsera, kulemera kwake, tsiku lolongedza ndi nambala yanu ya foni.

Ogula alipo. Amayi ophika mandasi ndi samusa amafuna iliki ndi sinamoni. Malesitilanti a mu Limbe ndi ophika pamaukwati amafuna zosakaniza za pilau ndi biriyani. Ogulitsa tiyi m'madepoti amafuna jinja ndi karafuu. Nyengo ya Ramadan, Eid ndi Khirisimasi malonda awa amakwera, choncho odani mwezi umodzi nyengoyo isanafike. Yambani ndi mitundu itatu kapena inayi, muone imene ikuyenda, kenako onjezerani. Chinthu chimodzi mupewe: musauze kasitomala kuti karafuu kapena chikasu chimachiza shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mukugulitsa zokometsera, ndipo wodwala apite kuchipatala.

Amene sangakwanitse ulendowu asadandaule, chifukwa nzeru ya ku Darajani imagwira ntchito ndi za kwathu zomwe. Tili ndi tsabola wa kambuzi, amene fungo lake alendo amalikonda. Tili ndi adyo, jinja, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, ndi mpunga wa Kilombero. Alendo amabwera ku Blantyre kudzaona Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891, ndipo pochoka amafuna kanthu kopepuka kokaonetsa kwawo. Kambuzi wouma bwino, wosankhidwa, woikidwa m'kabotolo koyera kolembedwa kumene analimidwa, sangagulidwe pa mtengo wa mulu wa pansi.